Mwendo wa Abiti Njerwa

Pa Ulongwe, kuseri kwa amayi ogulitsa chimanga ndi tomato m'mphepete mwa msewu, pali shedi yamalata momwe Elliam Maziko wakhala akupala matabwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anthu amamudziwa ndi makabati a magalasi. Banja lililonse la m'deralo lomwe lili ndi mbale zoti alendo azizisirira, kabati yake inatuluka m'manja mwa Elliam. Mabedi amapanganso, ndi mabokosi a maliro akamuchonderera, koma mtima wake uli pa galasi.

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi kunabwera Mayi Fauziya, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale yoyendera yomwe ili kumtunda kwa msika. Elliam ankangowadziwa nkhope: mayi wamfupi, wa mpango wobiriwira kumutu, woyenda ngati wachedwa nthawi zonse. Anapereka moni n'kukhala pa benchi osasasa n'komwe utuchi.

"Amisiri, ndikufuna mundipangire nyumba ya chiweto changa."

"Nkhunda kapena mbira?"

"Kangaude."

Elliam anaika puleni pansi n'kuwayang'ana kuti mwina aseka. Sanaseke. Anafotokoza kuti pa tchuthi anali kwawo ku Nselema, komwe alongo awo ankakumba dothi loumbira njerwa. Khasu linagumula una, ndipo munatuluka kangaude wamkulu waubweya, wa mtundu uja wokhala pansi, miyendo ikatambasuka wodzaza chikhato. Mlongo wawo wina anali atakweza kale khasu, iwo n'kumuvindikira kangaudeyo ndi beseni. Malo onse anali atakumbidwa, kobwerera kunalibe, choncho anamutenga. Kwa masabata atatu wakhala m'ndowa ya pulasitiki pakona pa balaza.

"Ndi wamkazi," anatero. "Akasamalidwa atha kukhala zaka zoposa khumi. Ndinamutcha Abiti Njerwa."

"Saluma?"

"Amaluma, ndipo ululu wake umaposa wa mavu. N'chifukwa chake sindimugwira ndi manja. Koma sayamba munthu. Ndikufuna ana anga a Fomu 3 azimuona ali moyo, osati pa chithunzi cha m'buku chabe. Mundipangire bokosi la galasi kutsogolo, mpweya uzilowa, ndipo lisatalike kwambiri."

Madzulo a tsikulo Elliam anauza mkazi wake Nelia, yemwe amagulitsa tomato pamsewu pomwepo. Nelia anapukusa mutu.

"Bambo a Chiyamiko, mwayamba kumangira afiti makola? Munthu wabwinobwino amaweta zimenezo?"

"Ntchito ndi ntchito, mayi."

Chikhalirecho naye thupi linkamuyabwa akaganiza za ubweya uja. Koma ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse monga mwa khalidwe lake. Kwa munthu wozolowera makabati ofika kudenga, "lisatalike kwambiri" linatanthauza bokosi lofika m'ntchafu. Anasankha thabwa labwino la mbawa, nadula galasi losalala popanda kachilema, ndipo pachivindikiro anakhomera waya uja wa m'mawindo wotchinga udzudzu kuti mpweya uzilowa bwino. Atamaliza anaona kuti m'kati mukuoneka mopanda kanthu. Anatola miyala yoyera yonyezimira kumtsinje, naikamo pamodzi ndi nthambi ya mphanda yofika pafupi ndi chivindikiro. Zimenezi anaonjezera ngati mphatso.

Tsiku lokapereka, Mayi Fauziya analizungulira bokosilo kawiri. Anayendetsa chala pa waya, n'kuyang'ana kutalika kwake, n'kukhala chete kanthawi. Elliam anaganiza kuti mawu awathera chifukwa cha kukongola.

"Mwagwira ntchito yaikulu, amisiri," anatero pomaliza. "Zikomo."

Patapita masiku khumi, Loweruka m'mawa, Elliam anapita kunyumba kwawo ndi kachitsulo kotsekera chivindikiro komwe analonjeza. Atagogoda, mawu anachokera m'kati motsika.

"Lowani pang'onopang'ono, musamenyetse chitseko."

Anawapeza atagwada patsogolo pa bokosi, akupinda chitenje choti kangaude agwerepo pofewa. Aka kanali koyamba Elliam kumuona bwinobwino Abiti Njerwa, ndipo anamuona ali pa tsoka. Kangaudeyo anali atakwera nthambi ija mpaka pa waya, ndipo tizikhadabo ta kunsonga kwa mwendo umodzi wakumbuyo tinakodwa m'timabowo. Anali lendee ndi mwendo umodzi umenewo, ina isanu ndi iwiri ikupalasa m'malere, mimba yake yonenepa ikumukokera pansi.

Bokosilo linalibe khomo lina koma chivindikiro chomwecho. Elliam, poona kuti vuto lili pa ntchito ya manja ake, sanaganize kawiri. Anatambasula dzanja n'kukweza chivindikiro kuti amumasule.

"Dikirani, amisiri..."

Mawuwo anafika mochedwa. Chivindikiro chitagwedezeka, zikhadabo zinamasuka, ndipo kangaude anagwa utali wonse wa bokosi n'kufikira m'mbali mwa mwala woyera. Kanamveka kaphokoso kakang'ono ngati dzira la nkhunda lagwa pa mphasa.

Elliam anauma ndi chivindikiro m'manja. Ankadikira kukalipiridwa. Mayi Fauziya sanamuyang'ane n'komwe.

"Yatsani tochi ya foni yanu. Muunikire pamimba pake, osati kumaso."

Anaunika. Mayiyo anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, nayang'ana mbali iyi ndi iyo.

"Mimba ndi youma. Alhamdulillah. Ikanang'ambika bwenzi titamutaya pompano. Tsitsani kuwala, pamwendo paja."

Mwendowo unali utapindikira kolakwika, ndipo pamfundo yake panali kadontho koyera ngati mame, kakukula pang'onopang'ono.

"Amenewo ndiwo magazi ake," anatero. "Saundana msanga ngati athu. Ndi omwewonso amene amawongola miyendo yake, ndiye akatuluka ambiri miyendo imakhwinyatira pansi pa thupi, basi kwatha. Musachotse tochiyo pamenepo."

Anapita kukhitchini n'kubwera ndi ufa wa chinangwa pa sosala ndi nthenga yaitali ya nkhuku. Anaviika nsonga ya nthenga mu ufa, nalowetsa mkono m'bokosi mpaka m'phewa. Abiti Njerwa anadzuka ndi miyendo yakutsogolo, naonetsa mano awiri akuda opindika ngati minga. Elliam anabwerera m'mbuyo osadziwa. Dzanja la mayiyo silinasunthe. Linaima m'malere mpaka kangaude anatsitsa miyendo, kenako linapitirira. Ulendo woyamba kangaude anaimenya nthengayo, ufa n'kumwazika. Wachiwiri ufa unagwera pambali. Mayi Fauziya anaviikanso, akunong'ona timawu ta Chiyao ngati momwe amatonthozera mwana wodwala, ndipo ulendo wachitatu ufa unakhala pabala penipeni, n'kumwa kadontho kaja, n'kuuma.

Anadikira nthawi yaitali. Dontho lina silinatuluke. Kenako mayiyo anatenga kachidebe ka pulasitiki ka majarini, kobowolabowola pachivindikiro, naikamo dothi lonyowa pang'ono ndi kachitsekero ka botolo kodzaza madzi. Anakagoneka chammbali kutsogolo kwa kangaude, n'kumukhudza kumbuyo ndi nthenga mpaka analowa yekha, akukoka mwendo wovulalawo. Anakamuika pamdima, pansi pa kabati ya zovala.

Mayiyo atabwerera, Elliam anawapepesa.

"Aphunzitsi, mundikhululukire. Safunsa anadya phula. Ndikanafunsa ndisanagwire."

Mayi Fauziya anakhala pa mpando.

"Mlanduwu si wanu nokha," anatero. "Tsiku lomwe munabweretsa bokosili ndinaona kuti latalika. Wayayu ndinamuonanso, ndipo ndinkadziwa kuti amakola zikhadabo. Koma munali mutalikongoletsa kwambiri, ndinachita manyazi kukuuzani. Ndinaopa kukhumudwitsa inu amene mumatha kuyankhula, n'kuvulaza amene sangadandaule."

Elliam anabwerera ku shedi mawu amenewo akumuzungulira m'mutu. Pa zaka zake zonse za umisiri anali atakumana ndi anthu ambiri okalipa ntchito ikalakwika, ena okalipa ngakhale isanalakwike. Wogawana naye cholakwa anali asanamuonepo.

Lolemba masana mayiyo anadzera pa shedi pochokera kusukulu. Anatulutsa bokosi la machesi m'chikwama n'kulitsegula. Munali mwendo uja, wathunthu, waubweya.

"Wafa?"

"Iyayi. Waudula yekha. Pamene mwendo umalumikizana ndi thupi pali malo oti akauthothola pamatsekeka pokha. Akaona kuti mwendo sungachire, amausiya. Dzulo wamwa madzi." Anatseka bokosilo. "Ndikufuna nyumba ina, amisiri. Koma musanagwire sowo, tiyeni mukaone kaye."

Anamutengera kuseri kwa bwalo la mpira la sukulu, pa tchire lomwe silinalimidwepo. Anayenda chowerama kwa kanthawi, kenako analoza pansi. Panali kabowo kozungulira bwino, kokwana zala ziwiri, m'milomo mwake moyalidwa ulusi woyera. Anathyola udzu wautali n'kuulowetsa mosamala. Udzuwo unalowa, n'kulowabe, mpaka utali wa kuchokera kuchala kufika kuchigongono.

"Muli mnzake mmenemo," anatero. "Moyo wake wonse uli m'dzenje limeneli. Amangofika pakhomo kudikira chiwala chodutsa. Akakwera m'mwamba ndiye kuti akufuna pokumba koma sakupapeza."

Elliam anagwada n'kusuzumira. Anaona kusalala kwa khomolo, mmene m'mbali mwake munalimbitsidwira kuti dothi lisagumukire m'kati, ndipo anazindikira kuti akuyang'ana ntchito ya mmisiri mnzake.

"Ndiye kuti nyumba yake imapita pansi," anatero. "Ine ndinamumangira ya mbalame."

Bokosi lachiwiri linamutengera sabata yathunthu, ngakhale linali losavuta kuposa loyamba. Anaphwasula lakale lija n'kulidula pakati. Ulendo uno anafunsa chilichonse. Dothi likhale lakuya bwanji? Zikhato ziwiri. Nanga kuchokera pa dothi kufika pachivindikiro? Kungoposa pang'ono kutambasuka kwa miyendo yake, kuti ngakhale atakwera galasi n'kuterereka, agwe pafupi ndiponso pofewa. Waya anamuzula yense. Anakwera minibasi kupita ku Balaka kukafuna pulasitiki wolimba woonekera, ndipo anamupeza kwa munthu wokonza zikwangwani za masitolo. Anamubowola ndi msomali wotentha, timabowo ting'onoting'ono, n'kupala kabowo kalikonse ndi sandipepa mpaka chala chikadutsapo osamva kukanda. Timabowo tina anaboola m'matabwa a m'mbali kuti mpweya uzidutsa chopingasa. Chivindikiro anachipanga chokoka chammbali, choyenda mu mpata wopaka sera, kuti chizitseguka popanda kugwedeza kanthu. M'kati sanapakemo vanishi, poti mayiyo anati fungo lake ndi poizoni kwa kanyama kotere.

Dothi anakakumba Mayi Fauziya okha pa tchire lija, kumene sikunafikepo feteleza kapena mankhwala a mbozi. Analisefa, nalisakaniza ndi masamba owola, nalitsindira ndi chibakera kuti dzenje likakumbidwa lisagwe. Pakona anaika khungwa louma lopindika, n'kuboola ndi chala pansi pake ngati chiyambi cha una. Madzi anaika m'chivindikiro chosaya cha botolo la jamu. Miyala yoyera ija Elliam anabwerera nayo kwawo.

Tsiku lomusamutsa, Nelia anati apita nawo. Ankati akufuna akaone ndi maso ake chimene chikuchedwetsa mwamuna wake kumaliza kabati ya anthu a ukwati. Anaima pakhomo la balaza, chitenje atachikokera kumwamba ngati akuwoloka madzi. Mayi Fauziya anaika kachidebe kaja m'bokosi, nachotsa chivindikiro chake, n'kubwerera m'mbuyo. Kwa nthawi yaitali sipanachitike kanthu. Kenako mwendo umodzi unatuluka n'kugunda dothi, ngati munthu woyesa madzi osamba. Unatsatira wina. Abiti Njerwa anatuluka ndi miyendo isanu ndi iwiri, akuyenda mokhota pang'ono koma mosakayika, nalunjika pansi pa khungwa.

Nelia anali atasendera pafupi osazindikira.

"Kodi mayi, ameneyu amakudziwani?"

"Iyayi. Sandidziwa, ndipo sadzandidziwa. Kwa iye ine ndine chivomezi chobweretsa madzi."

"Nanga mumavutikiranji? Galu amakugwedezerako mchira. Nkhuku umadya."

Mayi Fauziya anakoka chivindikiro n'kutseka.

"Ndinamunyamula ndine ku Nselema, sanandipemphe. Ukatenga chamoyo n'kuchitsekera, njala yake ndi mabala ake zakhala zako. Kuthokoza kwake sikulowapo."

Patapita masiku atatu Elliam anapeza Nelia kuseri kwa nyumba akugwira ziwala n'kumaziika m'botolo. "Za kudimba zili ndi mankhwala," anatero osamuyang'ana. "Izi ndi za pa udzu wathu. Mukawapatse aphunzitsi."

Miyezi yozizira inadutsa. Abiti Njerwa anakumba una wake motsatira galasi, ndipo mayiyo anatchingapo ndi katoni kuti muzikhala mdima. Lachisanu lililonse ankabwera ndi ana a sukulu asanu asanu, n'kuchotsa katoniyo kwa mphindi zochepa. Mphekesera za ufiti zomwe zinayamba pamsika zinazilala zokha, chifukwa ana omwewo ankakafotokoza kwawo, ndipo Nelia ankayankha aliyense wofunsa pa benchi la tomato.

Mu Okutobala kangaude anasiya kudya. Anamata khomo la una ndi dothi ndi ulusi. Elliam anada nkhawa, koma mayiyo anangochotsa chiwala chomwe chinali m'bokosi, nati chamoyo chisakhalemo masiku amenewa, n'kumangodzaza madzi.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, foni ya Elliam inalira masana.

"Amisiri, ngati muli ndi mpata bwerani. Musathamange."

Anathamangabe. Mayiyo atachotsa katoni, Elliam anasuzumira. Abiti Njerwa anali chagada pansi pa una, miyendo m'mwamba, osagwedezeka.

"Pepani, aphunzitsi."

"Sanafe. Akufa sagona chagada, amakhwinyata. Akufundula. Ambiri amawapha pa nthawi ngati ino powatembenuza, poganiza kuti akuwathandiza. Khalani pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anakhala pa mkeka, mvula ikuwaza pa malata. Panapita ola kangaude asanasunthe. Kenako chikopa cha pamsana chinatseguka ngati chivindikiro cha mphika, ndipo miyendo inayamba kututuma ndi kuphwa, kututuma ndi kuphwa, ikusololoka m'zikopa zakale pang'onopang'ono, moti ukayang'anitsitsa suona kuyenda koma ukayang'ana kumbali n'kubwereranso upeza zasintha. Elliam anaiwala za kabati yomwe anasiya guluu asanaume. Dzuwa likupendeka, kangaude anakankhira chikopa chakale pambali n'kugona wofewa, wonyezimira, mano ali oyera ngati mkaka.

"Werengani," anatero mayiyo.

Elliam anawerenga ndi chala pa galasi, osaligunda. Anabwerezanso. Inali isanu ndi itatu. Pamalo paja panali mwendo watsopano, woonda ngati kachitsotso ka machesi, wotuwa, wofupika kuposa inzake, koma ndi mfundo zake zonse. Unkapinda ndi kuwongoka pamodzi ndi ina.

"Unali kukula m'kati nthawi yonseyi, utapindidwa," anatero Mayi Fauziya. "Akadzafundulanso udzafanana ndi inzake. Tsopano sabata ziwiri osadya, mpaka mano ade."

Elliam anangoti, "Mulungu ndi mmisiri." Mayiyo anavomera ndi mutu.

Chaka chitatembenuka, kalata inabwera yosamutsira Mayi Fauziya ku sukulu ina ku Balaka. Katundu anatsogola pa lole, koma bokosi anakana kuti likwere pamodzi ndi mabedi. Anakhuthula dothi m'thumba, kangaude n'kumuika m'kachidebe kakang'ono koyalidwa nsalu yonyowa mbali zonse kuti asagubuduke m'mabampu, ndipo kachidebeko anakafungatira pamiyendo. Elliam anatseka shedi tsiku limenelo, nakwera nawo minibasi, bokosi lopanda kanthu lili pa maondo ake. Ankaganiza kuti pofika masana akhala atabwerako.

Atafika pa nyumba yatsopano, mayiyo anaima pakhomo osalowa. Pachitseko panali manambala olembedwa ndi choko. Anafunsa mayi woyandikana naye nyumba, ndipo anawauza kuti azaumoyo anapopera mankhwala a udzudzu m'makoma mwezi wathawo.

"Kwa ife ndi chitetezo," anatero Mayi Fauziya, "koma uyu sangagone muno."

Kuseri kunali kanyumba kosungiramo makasu komwe sikanapoperedwe. Kanali kozizira bwino, koma kopanda poika kanthu, ndipo chitseko chake chinali chogwa. Elliam anavula jekete. Anabwereka hamala ndi sowo kwa mlonda wa sukulu, natola matabwa a desiki yothyoka, n'kukhoma shelefu yotsika yolimba pakhoma losafika dzuwa. Anakonzanso chitseko kuti amphaka ndi nkhuku asamalowe. Mayiyo anatsindira dothi, naika khungwa ndi madzi, n'kutsegula kachidebe. Pomwe ankamaliza, mthunzi wa nyumba unali utafika pa mpanda.

Anamuperekeza mpaka pamsewu.

"Sikomo kwejinji, amisiri."

"Ndathokoza ndine, aphunzitsi."

Anafika pa Ulongwe amayi a pamsewu akulongedza. Nelia anali akumanga dengu la tomato wotsala, ndipo atamuona anaweramuka.

"Wafika bwino?"

Elliam anadziwa kuti sakufunsa za aphunzitsi. Ananyamula dengu lija n'kumutwika.

"Pomwe ndimachoka anali atayamba kukumba."